Boti Lodulidwa Pakati Silinamire

Mu 1961, magazini ya Life ya ku America inasindikiza zithunzi zimene zinasiya anthu kukamwa kuli yasa. Dick Fisher, amene anayambitsa maboti a Boston Whaler, anakhala phee m'boti lake pamadzi, kwinaku botilo likudulidwa pakati ndi macheka. Linagawikadi pawiri, koma zidutswa zonse ziwiri zinapitiriza kuyandama.

Chinsinsi chinali mkati mwa makoma a botilo, mmene anathiramo thovu louma la polyurethane, lochokera ku mankhwala amene Otto Bayer ndi anzake anatulukira ku Leverkusen, ku Germany, mu 1937. Amasakaniza mankhwala awiri amadzimadzi, amafufuma, kenaka amauma gwa. Thovu limeneli ndi lopepuka zedi: lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera pafupifupi makilogalamu 32, pamene madzi odzaza bokosi lomwelo amalemera makilogalamu 1,000.

Koma chondikhudza mtima kwambiri n'chakuti mkati mwa thovuli muli tizipinda ta mpweya tosawerengeka, kalikonse kotsekeka pakokha. Macheka anang'amba tokhato timene anadutsamo. Madzi analowa mmenemo n'kuima pomwepo, chifukwa kachipinda kotsatira kanali ndi khoma lakelake.

Inu amene mwadzuka lero ndi mtima wosweka, imvani izi. Mwina ntchito yatha, mwina banja lagwedezeka, mwina dokotala wakuuzani zimene simunkafuna kumva. Balalo ndi lenileni, ndipo sindikulichepetsa. Koma lakhudza mbali imodzi ya moyo wanu. Luso la manja anu lidakalipo. Ana anu adakakudalirani. Mnzanu uja amene amakuimbirani foni popanda chifukwa sanapite kulikonse, ndipo chikhulupiriro chanu macheka sanachifike. Chisoni chimakonda kunena kuti zonse zatha, pamene zambiri zidakali zamphumphu.

Akonzi a maboti amachenjezanso kanthu kena. Thovu limeneli likakhala zaka zambiri likunyowa kudzera pa kabowo ka sikuluwu kosamatidwa, botilo likumenyedwa ndi mafunde, timakoma tija timasweka pang'onopang'ono, madzi n'kumayenda. Boti limayamba kulemera mwini wake osadziwa, ndipo thovu lotere kuliumitsa n'kovuta, kawirikawiri amangolichotsa n'kuthira lina. Zimene macheka analephera pa tsiku limodzi, kabowo konyalanyazidwa kamazichita mwakachetechete. Kwa munthu, kabowoko ndi mkwiyo umene mumagona nawo, kapena nkhawa imene simunauzeko aliyense.

Choncho musanagone lero, tchulani m'pemphero zinthu zimene vutoli silinakhudze, ndipo muthokoze. Kenaka pezani munthu mmodzi wokhulupirika, mbale, m'busa kapena mnzanu wakalekale, mumuuze chimene mwakhala mukusenza nokha. Musadikire mawa.