Ana Anga, Bwalo Lopanda Mwini Limatha ndi Mapuloti

Ana anga, anyamata ndi atsikana a m'matauni mwathu, tamverani za malo amene mumawadutsa tsiku ndi tsiku osawawerengera: bwalo la mpira la m'dera lanu, dambo la kumunsi kwa msika, mitengo ya m'mphepete mwa mtsinje, ndi phiri limene limakutumizirani kamphepo m'mwezi wa Okutobala. Malo amenewa satha tsiku limodzi ayi. Lero muona zikhomo zinayi ndi chingwe, mawa mulu wa mchenga, mkuja maziko akumbidwa. Anthu akamayamba kudandaula, malata amakhala akhomedwa kale.

Funsani akuluakulu a ku Blantyre za phiri la Ndirande. Adzakuuzani kuti linali ndi nkhalango yowirira, ndipo m'zaka za m'ma 1990 nkhwangwa zinalowamo mpaka phiri linatsala lambee. Minda inatsatira, nyumba nazo zinayamba kukwera. Dothi la m'phirimo limakokolokera kumunsi kumene kuli damu la Mudi, ndipo madzi ambiri amene mzindawu umamwa amachita kupopedwa kuchokera kutali, ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire. Mpopi ukauma kwanu masiku atatu, muzikumbukira phiri lija.

Za ku Soche simufunika kuuzidwa, munaziona nokha. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza, matope ndi miyala zinatsika usiku n'kukwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse, omwalira pamodzi ndi osowa anaposa 1,000. Mvula ija inali yoopsa, ndipo palibe anganene kuti mitengo yokha ikanailetsa. Koma phiri la Soche ndi nkhalango yotetezedwa ndi lamulo, ndipo nyumba zinali zitakwera mpaka m'njira za madzi. Amene anagulitsa mapuloti aja anadya ndalama kalekale. Amene anagona m'nyumbazo usiku umenewo anali anthu osauka ofuna pobisa mutu. Ku Lilongwe nako, anthu a ku Mtandire ndi ku Kaliyeka amadziwa zimene mtsinje umachita ukapeza nyumba m'njira yake.

Ndikudziwa chimene chili mumtima mwanu. Lendi ikukwera, mukufuna kukwatira, ndipo munthu amafuna khomo lakelake. Zimenezo n'zoona, ndipo amene amanyoza wofuna nyumba ndiye kuti sanagonepo pakhonde. Koma mudzi suyenda bwino ndi makoma okhaokha. Dambo limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake zitsime zoyandikana nalo siziphwa msanga. Mizu ya mitengo imagwira dothi pamalo otsetsereka. Bwalo ndi pamene ana amathamanga, amayi amasewera ntchemberembaye, ndipo anthu amasonkhana pakagwa nkhani. Mukamanga pamenepo, ana anu adzasewerera mumsewu, pakati pa njinga za kabaza.

Taganizani izi. M'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati, mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha. Kodi n'chifukwa choti nthaka ya kumeneko ndi yachonde kuposa ina? Ayi. N'chifukwa choti manda ali ndi eni ake. Mfumu imawayang'anira, adzukulu amawadziwa malire, ndipo wolowamo ndi nkhwangwa amalipitsidwa. Bwalo la m'tauni limalandidwa chifukwa aliyense amati ndi la boma, ndipo akatero amapinda manja. Mukhale eni ake inuyo.

Choyamba, malowo muziwagwiritsa ntchito. Bwalo lokhala ndi mapolo, lotchetchedwa, pamene timu imasewera Loweruka lililonse, n'lovuta kuligulitsa. Lomera tchire ndi kusanduka dzala limaitana madobadoba.

Chachiwiri, dziwani mapepala. Pitani kukhonsolo mukafunse kuti pamapu a mzinda malowo analembedwa kuti ndi a chiyani. Dziwani khansala wanu ndi komiti ya chitukuko ya m'dera lanu. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kumanga ndi kulima m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa mmene zidzakhudzire chilengedwe. Munthu wodziwa izi sathamangitsidwa ndi mawu akuti "zinachokera kumwamba."

Chachitatu, lankhulani zikhomo zikangozikidwa, maziko asanakumbidwe. M'mera mpoyamba. Lembani kalata, musainire ambiri, mutenge a mpingo, a mzikiti, aphunzitsi ndi amayi a pamsika, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mafoni amene mumajambulira magule ajambulenso malire a bwalo lanu. Koma musagwetse mpanda wa munthu usiku kapena kutentha katundu. Mukatero mlandu wa malo umaiwalika, n'kutsala mlandu wanu kupolisi.

Chachinayi, ndipo apa mundimvetsetse, musakhale inu ogula. Puloti yotsika mtengo ya m'dambo kapena pamsana pa phiri ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanapereke ndalama, funsani eni dera kuti madzi amadutsa pati mu Januwale. Musalolenso kulembedwa ganyu yodula mitengo ya kumtsinje kuti muotchere njerwa za munthu amene sadzagona m'dera lanu.

Nyengo yodzala mitengo imayamba mu Disembala chaka chilichonse, ndipo timaona akuluakulu akujambulitsa ndi mbande m'manja. Inu musathere pa chithunzi. Mtengo umafuna kuthiriridwa m'chilimwe, kutchingiridwa mbuzi ndi kulambuliridwa moto usanafike.

Ife a m'badwo wathu tinaona Ndirande akumetedwa, ambiri tinangoti boma liona. Inu muli ndi sukulu, muli ndi mafoni, ndipo malamulo alipo. Sabata ino, itanani anzanu muyendere malire a malo amene atsala kwanu, muwalembe, kenako mukagogode kwa khansala pamodzi.