Elisa anapita ku kasupe

 Tiwerengere limodzi 2 Mafumu 2:19-22.

Anthu a ku Yeriko anadza kwa mneneri Elisa ndi dandaulo. Mudzi wawo unali pamalo pabwino, koma madzi anali oipa, obweretsa imfa ndi kupita padera. Elisa anaitanitsa mchere m'mbale yatsopano. Tsono taonani kumene anapita nawo. Sanazungulire m'makomo kukathira m'mitsuko ya amayi ayi. Analunjika ku kasupe, kumene madziwo ankatumphukira.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino takalamba tikuphunzitsa za mitsuko: wiritsani madzi, thirani kulorini, vundikirani ndowa. Chonde musasiye. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo asodzi okhala m'zimbowera pa nyanja ya Chilwa amam'dziwa bwino mliri umenewu. Koma lero tikuvomera pamaso panu kuti ulipo uve wina umene moto wa pa mafuwa suutha.

Ndi mankhwala otchedwa PFAS, opangidwa m'mafakitale. Amaikidwa pa mapoto ena osamatirira chakudya, pa zovala zosalowa mvula, m'mapepala okulungira zakudya zamafuta ndi m'thovu lozimitsira moto. Savunda, saola, n'chifukwa chake anapatsidwa dzina lakuti mankhwala amuyaya. Dzinali limatiwawa, pakuti wamuyaya timadziwa Mulungu yekha. Alibe fungo, alibe mtundu. Mukawiritsa madzi, nthunzi imachoka, iwo n'kutsala mumphika. Akalowa m'thupi amakhala m'magazi zaka zambiri, ndipo amafika ngakhale kwa mwana amene ali m'mimba.

Ku Parkersburg, ku America, fakitale ya DuPont inataya mtundu wina wa mankhwalawa, PFOA, mumtsinje wa Ohio ndi m'maenje kwa zaka makumimakumi. Mlimi wina ataona ng'ombe zake zikufa anakasuma mu 1999. Pambuyo pake anthu pafupifupi 69,000 anayezedwa magazi, ndipo pofika 2012 akatswiri anapeza kuti PFOA ikukhudzana ndi khansa ya impso, matenda a chithokomiro ndi kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera. Amene tinagonapo pambali pa mayi wapakati wotupa miyendo, maso ali pa makina oyezera BP usiku wonse, mawu otsirizawo sitiwawerenga mopepuka. Mu 2024 boma la America linaika malire a PFOA m'madzi akumwa, ochepa ngati kambewu kamodzi ka mchere m'zidebe mazanamazana.

Mwina wina akuti, Amayi, za ku America zikutikhudza bwanji ife a ku Songani? Katundu ali nayo miyendo. Amabwera m'mashopu ndi m'mabelo a kaunjika, ndipo akatha ntchito timam'taya kudzala kapena m'ngalande. Mvula ikagwa zonse zimatsetsereka. Likangala amadutsa mumzinda wa Zomba, Domasi amadutsa m'midzi ndi m'minda yathu ya mpunga, ndipo onse amakathera m'Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulukira. Madzi ake amachoka ndi dzuwa basi, monga tinaonera itaphwa mu 1995 ndi mu 2018. Ili ngati mphika uja wa pa mafuwa: chosauluka ndi nthunzi chimatsala m'matope, momwe mlamba umadya. Sitikuti musiye matemba, ana athu akulira pomwepo. Tikuti nyanja yotere ndi yofunika kuilondera pakhomo polowera.

Malamulo alipo. Dziko la Malawi lili m'pangano la Stockholm, limene linaika PFOS pa mndandanda wa mankhwala oopsa mu 2009, ndi PFOA mu 2019. Tili ndi lamulo la madzi la 2013 ndi la zachilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la MEPA. Koma tikumbukenso majumbo opyapyala: analetsedwa mu 2015, koma milandu ya kukhoti inachedwetsa chiletsocho zaka zambiri, majumbowo ali mbwee m'misika. Lamulo limene eni ake salifunsa limagona m'kabati.

A ku Yeriko sanang'ung'udzire kuchitsime, anakalankhula ndi amene akanatha kuchitapo kanthu. Nafenso titero. Gulu lililonse lisankhe amayi awiri okaimirira pa msonkhano wa VDC kapena ADC. Akafunse kuti madzi a mijigo ndi mitsinje yathu amayezedwa liti, amayezedwa chiyani, ndipo zotsatira zake ziwerengedwe pagulu m'Chichewa. Tikonzenso kalata imodzi yopita ku MEPA ndi ku Malawi Bureau of Standards, kudzera kwa aphungu athu, yopempha kuti PFAS ikhale ndi malire m'madzi akumwa, ndi kuti fakitale iliyonse iziulula zimene ikutaya mumtsinje. Alembi a magulu, tengani mayina a amayi osainira, ndipo amene sadziwa kulemba adinde chala. Mapepalawo muwapereke kwa abambo ansembe a parishi yanu mwezi uno usanathe.