Kodi Mtsinje wa Ruo Ndi wa Yani?

Mtsinje wa Ruo umacokera ku phiri la Mulanje n'kukathira mu Shire pa Chiromo. M'njiramo ndiwo malire a Mozambique ndi Malawi, koma madzi sadziwa malire. Munthu akadula mitengo kumtunda kuti awotche makala, mvula imakokolola dothi, mtsinje n'kukwiririka ndi mcenga. Ukasefukira, monga mu Januwale 2015, cimanga cokokoloka cimakhala ca wakumunsi, amene sanagwire nkhwangwa n'komwe.

Wamakalayo anganene kuti inamutuma ndi njala, ndipo sakunama. Komabe njalayo sanaithetse, wangoisamutsira kwa mnzake. Mtsinje ndi wa onse omwa madzi ake, tsidya lino ndi tsidya ilo, ngakhalenso ana amene sanabadwe. Wodula mtengo ali nawo ngongole anthu amenewa. Abzale wina, ndipo polima asiye msipu ndi bango m'mphepete mwa mtsinje.