Mwana Akanena Kuti Sizitheka

Kodi kudziwa masamu ndi kukhala ndi yankho, kapena kutha kufotokoza chifukwa chake yankholo lili loona? Funsoli limaoneka ngati la anthu okhuta, koma mphunzitsi wa ku Kamushanga, mu tauni ya Kabwe, amaliyankha tsiku lililonse akamasankha chochita ndi mphindi zochepa za phunziro lake. Ine ndikuti asiyeko mphindi zina kuti aponyere ana chilapi cha masamu, ngakhale chimene chilibe yankho.

Pali chilapi chakale cha munthu wofuna kuwolotsa pamtsinje zinthu zitatu zimene zingadyane zikasiyidwa zokha, chimodzi mwa izo mbuzi, bwato lake lotenga chimodzi chokha. Ku Ulaya chimapezeka m'mabuku a m'nthawi ya Alcuin, cha m'ma 800, ndipo chimamasuka: uyambe ndi mbuzi, kenako uibwezenso. Koma Aila a m'chigwa cha Kafue anali ndi chawo, chimene Edwin Smith ndi Andrew Dale analemba m'buku lawo la mu 1920. Munthu ali ndi kambuku, mbuzi, khoswe ndi dengu la dzinthu. Akatenga kambuku kapena mbuzi, khoswe atsala ndi dengu. Akatenga khoswe kapena dengu, kambuku atsala ndi mbuzi. Njira zinayi zonse zatsekeka asanapalase n'komwe. Munthuyo analingalira zotaya nyama imodzi, koma poti zinali ngati ana ake, anasankha kusawoloka. Mwana wa zaka 12 amene wayesa njira zonsezi n'kunena kuti sizitheka, wachita chinthu chachikulu kuposa kuchulukitsa manambala molondola, pakuti watsimikizira yekha choonadi chimene sanauzidwe ndi munthu. Ngakhale mphunzitsi atamutsutsa, iye angathe kuima n'kunena kuti, "Aphunzitsi, taonani apa," mwaulemu koma mosagwedezeka. Chidziwitso cholowezedwa sichipatsa mwana mphamvu yotere, chifukwa mwini wake ndi amene anachinena.

Otsutsa amati nthawi palibe, ndipo akunena zoona. Kuyambira mu 2022, pamene boma la Zambia linachotsa malipiro a sukulu, ana anadzaza m'makalasi, ndipo mphunzitsi amathamangitsana ndi silabasi. Komatu chilapi sichifuna buku, kompyuta kapena desiki. Timiyala tinayi ndi mzere wojambula pansi zakwana, monga mmene nsolo imaseweredwera pansi pa mtengo. Ndiponso mayeso a giredi 7 a Examinations Council of Zambia ankakhala ndi mapepala awiri apadera oyesa kuganiza, choncho amene akuti zilapi sizithandiza pamayeso sanawaone bwino mayesowo.

Chitsutso cholemera ndi ichi: chilapi chimakweza wochenjera n'kuchititsa manyazi wochedwa kumva. Izi zimachitikadi ngati mphunzitsi ayamikira woyamba kukweza dzanja n'kupitirira. Koma makolo athu sankaponyerana zilapi motero. Madzulo pamoto aliyense ankayesa, kuphonya kunali mbali ya masewerawo, ndipo onse akalephera ankalipira ng'ombe ya pakamwa kuti auzidwe yankho. Palibe ankapita kukagona ali chitsiru. M'kalasi namonso, ana akakhala atatuatatu ndi timiyala tawo, wosadziwa Chingerezi bwino angathe kuona msampha mnzake wodziwa kuwerenga asanauone, n'kuufotokoza m'Chibemba kapena m'Chinyanja.

Ena angadandaule kuti kupatsa mwana funso lopanda yankho n'kumupusitsa, kapena kumuphunzitsa kugwa ulesi. Kugwa ulesi ndi kusiya usanayese. Munthu wa m'chilapi cha Aila anayesa zonse, anaona kuti kuwoloka kukufuna nsembe, ndipo anakana kuipereka. Apa masamu afika pamalire ake: aonetsa zimene zingatheke ndi mtengo wake, koma sanganene ngati khoswe ali woyenera kutayidwa. Ana akafika pamenepa amayamba kukangana okha, wina akuti taya khoswe, wina akuti panga bwato lalikulu, ndipo mphunzitsi ayenera kuwathandiza kusiyanitsa zimene atsimikizira ndi zimene angosankha. Ku Kwame Nkrumah University, komweko ku Kabwe, kumene aphunzitsi amasulidwa, luso lotsogolera mkangano wotere liyenera kuphunzitsidwa pamodzi ndi aljebra.