Kodi Injiniya Ayenera Kudziwa Ciani?

Wophunzira amene alowa sukulu ya uinjiniya wa misewu, maulalo ndi madamu amakhala zaka zambiri pa masamu ndi kujambula mapulani. Aphunzira kuyeza dziko, kudziwa mphamvu ya simenti ndi citsulo, ndi kuwerenga kulemera kumene mzati ungasenze. Izi nzofunika, pakuti nyumba yomangidwa mongoganizira igwera eni ace. Koma kodi munthu wodziwa zimenezi zokha watha maphunziro? Nchito ziwiri za mmisiri mmodzi zithandiza poyankha.

André Coyne wa ku France anali katswiri wa madamu okhota ngati uta. Ndiye analemba mapulani a Kariba pa Zambezi, khoma lotalika mamita 128, lomangidwa kuyambira 1955 kufikira 1959. Ndiyenso analemba a damu la Malpasset kwao, pafupi ndi mudzi wa Fréjus. Usiku wa 2 December 1959, itagwa mvula yambiri, Malpasset inagumuka, ndipo madzi anapha anthu oposa 400. Cimene cinalephera sicinali konkire ayi, koma thanthwe limene khomalo linatsamira. Linali ndi mng'alu wobisika, ndipo madzi olowa pansi analikankha. Coyne anamwalira m'caka cotsatira. Cotero nzeru za m'buku sizikwana ngati wophunzira sazolowera kutuluka kunja, kukumba, kukhudza mwala ndi manja, ndi kukayikira zimene iye mwini wawerenga.

Khoma la Kariba lidakali ciimire, ndipo magetsi ace anayendetsa migodi ya mkuwa. Koma nyanjayo inamiza minda ndi manda a Atonga a ku Gwembe, ndipo anthu ngati 57,000 a tsidya lino ndi tsidya lija anasamutsidwa. Pa Chisamu, m'dziko la Mfumu Chipepo, apolisi anaombera anthu okana kupita ku Lusitu m'caka ca 1958, nafa asanu ndi atatu.

Ena atero kuti mlandu umenewu ngwa Boma, injiniya angopatsidwa nchito. Mau awa ali ndi coonadi pang'ono, pakuti si iye alamula apolisi. Komatu ndiye woyamba kudziwa pamene madzi adzalekezera. Mzere umene aulemba pa mapu, iye auona zaka zingapo mkulu wa mudzi asanamve kanthu, ndipo akakhala cete palibenso wina wonena nthawi ikadalipo. Cifukwa cace sukulu iyenera kumphunzitsa kulemba lipoti lomveka kwa munthu wamba, kukhala pa bwalo ndi kumvetsera nkhalamba zodziwa kumene mtsinje unafika pa cigumula ca kale, ndiponso kukaniza womlemba nchito amene afuna kucepetsa simenti. Cothetseraci ncobvuta kuposa masamu onse, makamaka kwa mnyamata kapena mtsikana wongoyamba kumene, amene abale ace ayembekeza malipiro ace a mwezi woyamba.