MTENGO WOLEMBEDWA NDI MTENGO WOBISIKA

Werengani: Luka 14:28-30, Miyambo 22:7.

Mukatsegula buku lino la caka pa miyezi ya Juni ndi Julaye, mufika pa nyengo ya kukolola ndi ya misika. Ndiyo nyengo imene ndalama imalowa m'nyumba ya mlimi kamodzi pa caka, ndiyonso nyengo imene imaturuka msanga. Cimanga cikapita ku misika ya Food Reserve Agency, nshawa ndi thonje ndi soya zikagulidwa, ambiri a ife timakwera basi ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, kunka ku Lusaka kukagula cinthu cacikuru ca m'nyumba: firiji, sitovu, makina osokera kapena wailesi ya kanema. Kugula zotere si kucimwa iai. Mai amene wasoka ndi manja zaka zambiri ayenera makina, ndipo nyumba ya Mkristu siiletsedwa kukhala ndi zabwino. Koma ndaona thukuta la caka conse lirikutha tsiku limodzi, cifukwa cace ndinena nanu.

Pa mau tawerengawa Ambuye Yesu anafanizira munthu womanga nsanja. Anaika maziko, ndalama zinamthera, ndipo opita m'njira anamseka. Ambuye analikunena za kulemera kwa kumtsata Iye. Koma fanizolo analitenga ku nzeru imene munthu aliyense ayenera kukhala nayo, yakuti cinthu cacikuru ciwerengedwe conse cisanayambike. Phunziro lathu ndi ili: mtengo wolembedwa pa katundu m'sitolo ndiwo maziko okha. Pamwamba pace pali mitengo yina yosalembedwa, ndipo wosaiwerenga adzailipira ndithu.

Wocokera kum'mawa amalowa mu Lusaka pa Great East Road, napitirira Chelstone, nafika pakati pa mzinda. Akadumpha Cairo Road ndi Lumumba Road kunka kumadzulo, ayandikira dera lochedwa Heavy Industrial Area, kumene kuli mafakitale, nyumba zazikuru zosungiramo akatundu, ndi magalimoto olemera olowa ndi kuturuka tsiku lonse. Mlendo wa kumudzi akaona makatoni ataunjikana kufikira kudenga, mtima umamuuza kuti kuno zonse nzochipa, ndipo asacedwe. Apo mpamene ayenera kukumbukira mau a makolo akuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikuuzeni za mkulu wina wa mpingo, amene dzina lace sindichula, ngakhale anandilola kusimba nkhani yace kuti ena acenjere. Cakumapeto kwa caka ca 2023 anapita ku Lusaka kukaceza kwa mwana wace ku Kabwata, naona m'nyumbamo firiji yaikuru imene mpongozi wace amaziziritsiramo zakumwa za malonda. Nayenso amakhala pafupi ndi masitolo pamene pafika waya wa ZESCO; tsono anati mumtima mwace, Inenso nditero. Ndalama zace zinakwanira magawo awiri mwa atatu. Gawo lotsalalo anakongola kwa munthu wa kaloba, nalonjeza kubweza atakolola, naika ng'ombe yace yolima ngati cikole. Akazi ace anamva za nkhaniyi firiji itafika kale pakhomo.

Mukumbukira zimene zinatsata. Mvula inaleka, cimanga cinauma ciri ciriri, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cija ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, kumene kumacokera gawo lalikuru la magetsi athu, ndipo magetsi anayamba kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Firiji ija inasanduka bokosi losungiramo mbale. Koma ngongole siidziwa cilala. Ng'ombe inatengedwa, ndipo pofika dzinja mkulu uja anabwerera ku khasu. Sanabe, sananame, sanaledzere. Anangowerenga mtengo umodzi pamene panali mitengo inai. Tiyeni tiione yina itatu ija.

Woyamba ndiwo mtengo wa ulendo. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita oposa 550. Mudzalipira malo anu pa basi kupita ndi kubwera, mudzalipira katundu payekha, mudzalipira wongolo kapena galimoto yomtengera ku siteshoni, ndiponso ngolo yomfikitsa kumudzi. Cifukwa cace musananyamuke funsani mtengo wa cinthu comweco m'masitolo a ku Chipata kapena ku Petauke. Kapena mudzapeza kuti cimene cioneka cokwera pafupi ndico cochipa mukaphatikiza ulendo, ndipo cikaonongeka simudzaoloka naco mlatho wa Luangwa kaciwiri. Dziwaninso kuti firiji iyenera kuyenda ciriri. Ikafika iime maola angapo musanaiyatse, makamaka ngati inagonekedwa m'njira, kuti mafuta a m'makina mwace abwerere pamalo pace.

Waciwiri ndiwo mtengo wa cakudya cace. Walira mvula walira matope: wogula ng'ombe amaganizira msipu, ndipo wogula sitovu aganizire magetsi. Pa cipangizo ciriconse pali kacidutswa kolembedwa mphamvu imene cimadya. Yuniti imodzi ya magetsi ndiyo mawati 1,000 oyaka ola limodzi. Tsono mbale ya sitovu ya mawati 1,500 yoyaka maola awiri pa tsiku imadya mayuniti 3, ndiwo mayuniti 90 pa mwezi. Mafiriji ambiri atsopano amalembedwa mayuniti amene amatha pa caka; linganizani awiri, pakuti yochipa pogula ikhoza kukhala yolusa pakudya. Ndipo inu a m'midzi yopanda waya, musanyengedwe: sola yaing'ono yoyatsa nyali ndi kudzaza lamya siikhoza kuyendetsa sitovu kapena simbi ya magetsi. Kwa inu makina osokera opalasa ndi miyendo aposa a magetsi, ndipo mbaula yosunga moto, yodya makala pang'ono, idzakutumikirani koposa sitovu yongokongoletsa nyumba.

Wacitatu, ndiwo wolemera koposa, ndi mtengo wa ngongole. Buku la Miyambo litiphunzitsa pa mutu 22 kuti ngongole imamanga munthu ukapolo kwa mwini ndalama. Tiyese ndi masamu. Tinene kuti cinthu cigulidwa K6,000 polipira pomwepo, koma wogulitsa akuti mungopereka K700 pa mwezi kwa miyezi 12. Mau akuti K700 amakoma m'khutu. Koma miyezi 12 ikatha mwapereka K8,400, ndipo K2,400 mwagulira kusapirira kwanu. Kaloba ndiyo yoopsa koposa, pakuti alipo okongoza K1,000 nafuna K1,500 pakutha pa mwezi umodzi. Mlimi salandira malipiro mwezi ndi mwezi monga kalaliki wa mu ofesi. Cuma cace ciri m'manja mwa mvula. Kulonjeza ndalama za mbeu imene isanace ndiko kugulitsa cinthu cimene Mulungu sanakupatseni.

Nanga ticite ciani? Mverani malangizo awa, amene ndatola kwa Akristu okhwima.

Yambani m'nyumba. Mwamuna ndi mkazi akhale pamodzi, apatule coyamba cakudya cofikira kukolola kwina, mbeu, feteleza, zobvala ndi makope a ana a sukulu, ndi copereka ca kwa Mulungu. Cotsala ndico cogulira. Cikapanda kukwanira, sungani kufikira caka ca mawa, kapena lowani cilimba ndi anthu okhulupirika, pakuti m'cilimba mulibe ciongola dzanja. Fulumira adadya gaga.

Mukafika mu mzinda, tsiku loyamba likhale la maso okha. Funsani mitengo malo atatu, ku Heavy Industrial Area, pa Cairo Road ndi ku Kamwala, nimulembe pa pepala. Pitani ndi mbale wodziwa mzinda, musatsate mnyamata wosamdziwa wokulandirani pa siteshoni. Wolipira ndalama zonse pomwepo asacite manyazi kupempha kuti amtsitsireko.

Musanalipire, cinthuco ciyesedwe pamaso panu. Landirani risiti yolembedwa dzina la sitolo, tsiku, mtengo ndi nambala ya cipangizo, pamodzi ndi kalata yolonjeza kukonza kapena kusintha cikaonongeka. Funsani miyezi yace, ndi kumene mmisiri wace apezeka. Mapepala awa asungeni monga musungira kalata ya ubatizo. Lamulo la caka ca 2010 loteteza ogula limaletsa wamalonda kupacika cikwangwani cokana kubwezeredwa katundu woipa, ndipo bungwe la Competition and Consumer Protection Commission limamva madandaulo otere. Koma wopanda risiti adzabvutika kupeza umboni.

Cinthu cogwirapo kale nchito si conyansa. M'nyumba za ku Woodlands ndi ku Kabulonga mumaturuka akatundu abwino eni ace akamasamuka. Koma tengani mmisiri akaciyese, ndipo mudziwe mwini wace weniweni. Cinthu cochipa modabwitsa, cogulitsidwa kuseri ndi mwaciphamaso, cikhoza kukhala cakuba. Wocigula agawana chimo ndi mbala, ndipo apolisi akacipeza ataya katundu ndi ndalama zomwe.

Potsiriza, abale, tiyang'ane mumtima, pakuti m'menemo ndimo muyambira kuononga. Lamulo lakhumi, pa Eksodo 20:17, liletsa kusirira za mnansi. Zambiri timagula si cifukwa nyumba izisowa, koma cifukwa tinaziona kwa wina. Musanaturutse ndalama dzifunseni mafunso atatu: Kodi cinthu ici cidzagwira nchito yanji m'nyumba mwanga sabata ndi sabata? Kodi ndikhoza kucidyetsa ndi kucikonza? Kodi mvula ikakana caka ca mawa, cidzakhalabe canga? Mukayankha onse atatu ndi mtima woona, gulani mokondwera ndi kuyamika Mulungu. Limodzi likakukanikani, bwererani kwanu ndi ndalama zanu m'thumba. Palibe manyazi pamenepo.

Mkulu uja ali nafebe mu mpingo. Anagulitsa firiji, ndipo iye ndi akazi ace alikusunga pang'ono pang'ono kuti agule ng'ombe yina. Ndinamfunsa cimene ndikauze anzace. Anati, Abusa, mukawauze kuti ayambe afunsa amai a kunyumba, pakuti iwo akadandiwerengera.

Tipemphere. Atate wathu wacifundo, Inu mutipatsa mvula ndi mphamvu ya kulima. Tiphunzitseni kusunga bwino zimene mwaika m'manja mwathu. Mutipulumutse ku kusirira ndi ku msampha wa ngongole. Mukumbukire iwo amene alemedwa ndi mangawa lero, nimuwatsegulire njira. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.