KODI NTHANO YOPEKA NDI BODZA?

Pakati pa anthu okonda kuwerenga pali mkangano wakale umene sunathe kufikira lero, ndipo uli pa mabuku a mitundu itatu. Mtundu woyamba ndiwo wa nthano za cikondi, m'mene mnyamata ndi namwali akomana, nasiyana cifukwa ca zobvuta, nakwatirana pa tsamba lotsiriza. Waciwiri ndiwo wa nthano za maiko amene palibe munthu anapondako, maiko a zimphona, a mafumu amatsenga ndi a nyama zolankhula. Wacitatu ndiwo wa mizukwa, ziwanda ndi akufa oyenda usiku. Mabuku awa amagulidwa ndi anthu ocuruka, nabwerekedwa kufikira zikuto zao zitang'ambika, ndipo masiku ano ambiri amawawerenga pa foni. Koma amene amawakonda kawiri kawiri amacita manyazi kuwaonetsa poyera, ndipo amene amawada amalankhula mau olimba. Ena ati ndi mabodza okha okha. Ena ati amaitana ufiti m'nyumba. Enanso ati amapotoza mitima ya atsikana. Popeza milandu itatu iyi siiri yaing'ono, tiyeni tiizenge umodzi umodzi, monga acita akulu pa bwalo, osaweruza tisanamve mbali zonse ziwiri.

Mlandu woyamba ndiwo wa bodza, ndipo ndi wakale ndithu. Plato, wanzeru wa ku Athens, analemba zaka zoposa 2,300 zapitazo kuti m'mudzi wolamulidwa bwino opeka ndakatulo sayenera kupatsidwa malo, cifukwa amanena zonama za milungu, nautsa cisoni ndi zilakolako m'mitima ya omvera. Makolo ambiri amene sanamvepo dzina la Plato amaganiza cimodzimodzi. Aphunzitsa mwana wao kuti asaname, tsono ampeza ali ndi buku lalikulu limene mulibe kanthu kamodzi komwe kamene kanacitikadi. Kodi kumeneko si kumzoloweretsa bodza?

Kuti tiyankhe bwino tiyenera kuyamba tafunsa kuti bodza nciani. Wabodza ndiye munthu amene anena cinthu cimene adziwa kuti si coona, ali ndi colinga cakuti mnzace acikhulupirire, nanyengedwe. Mtima wa bodza ndiwo cinyengo. Sir Philip Sidney wa ku England, m'buku lace locinjiriza ndakatulo limene linasindikizidwa mu 1595, anati wopeka sanganame, popeza sanalumbire kwa munthu ali yense kuti zimene anenazo zinacitika. Makolo athu anacidziwa ici popanda buku. Wonena nthano madzulo pamoto amayamba ndi liu lakuti "Padangokhala," ndipo omvera amayankha kuti "Tiri tonse." Mau awa ndiwo pangano. Kucokera pomwepo Kalulu angathe kukokanitsa Njobvu ndi Mvuu pa cingwe cimodzi, Fisi angathe kukafunsira mbeta, ndipo palibe mwana amene amalawira m'mawa mwace kuthengo kukafuna kalulu wolankhula. Akulu analetsanso kunena nthano masana, nthawi ya khasu ndi mtondo. Anaipatsa nthano nthawi yace ndi malire ace. Buku lopeka liri nalo pangano lomwelo, ndipo wogula amalidziwa asanatsegule tsamba loyamba.

Ndiponso nthano ingathe kufikitsa coonadi kumene mau olunjika sakadafika. Mneneri Natani sanayambe ndi kudzudzula Mfumu Davide pa mlandu wa mkazi wa Uriya. Anayamba wamsimbira za munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi. Wolemerayo kunalibe, nkhosayo kunalibe. Koma Davide anapsa mtima, naweruza mlandu wa iye mwini asanazindikire. Pa mlandu woyamba, tsono, ndiganiza kuti mabuku awa apulumuka.

Mlandu waciwiri ndiwo wa ufiti ndi mizukwa. Pamene buku loyamba la Harry Potter, mnyamata wophunzira pa sukulu ya matsenga, linaturuka mu 1997, ana a m'maiko ambiri analikonda. Koma makolo ena anaopa, ndipo mu December 2001 anthu a mpingo wina ku Alamogordo, m'dziko la America, anasonkha moto natentha mabukuwo poyera. Sitiyenera kuwaseka anthu amenewo, makamaka ife amene tidziwa kuti liu lakuti "mfiti" m'mudzi si la masewera, pakuti lingathe kupitikitsa nkhalamba pa nyumba yace. Koma tiyeni tiike pamodzi nkhani ziwiri za ciwanda cimodzi, kuti tione kumene kuli ngozi yeniyeni.

Mu 1897 Bram Stoker wa ku Ireland anasindikiza buku lace la Dracula, mzukwa wa ku Transylvania umene umagona m'bokosi usana, nuuka usiku kukayamwa mwazi wa amoyo. Bukulo lawerengedwa zaka zoposa 120, lamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo labala nthano zina zosawerengeka zofanana nalo. Owerenga amanjenjemera, ena amagona nyali iri ciyakire, koma kukaca amapita ku nchito monga masiku onse. Tsono taonani nkhani inzace. M'zaka za m'ma 1930 ndi pambuyo pace, m'dziko lino, pamene dzina lace linali Northern Rhodesia, munamveka mbiri ya "banyama," anthu amene ankati amagwira anzao kuti awacotse mwazi. Ndipo anchito a Boma oyang'anira nyama za m'thengo, ngakhale ansembe ena acizungu, anaganiziridwa kuti ndiwo. Mu 2017 mbiri yonga yomweyo inabuka ku Malawi, m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, nifika mpaka ku Blantyre. Anthu anatseka miseu usiku kufunafuna "anamapopa," ndipo osacepera 8 anaphedwa ndi makamu okwiya, mmodzi wa iwo mnyamata wodwala khunyu. Madokotala sanapeze umboni uli wonse wakuti panali munthu woyamwidwa mwazi.

Nkhani ziwirizi zisiyana pa cinthu cimodzi. Ya Dracula inagulitsidwa m'sitolo monga nthano, ndipo ali yense anadziwa kuti ali ndi mlembi wace. Ya anamapopa inadza yopanda "Padangokhala," itabvala zobvala za coonadi, niyenda pakamwa ndi pakamwa ndi mau akuti "ndamva kwa amene anaona." Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Buku la Stoker silinasonkhanitse khamu la zibonga ndi miyala. Mphekesera ndiyo inatero. Ndipo ndiyesa kuti mwana amene anazolowera kulowa m'nthano ndi kuturukamo, amene adziwa m'mene wopeka amakometsera nkhani yoopsa kuti tsitsi liimirire, ndiye angafulumire kufunsa pakumva mphekesera kuti, "Anaona ndani? Liti? Kuti?"

Mlandu wacitatu ndiwo wolemera koposa, ndipo pano mabukuwa sangamasulidwe kwathunthu. Cimphona ndi mzukwa siziri zoopsa kweni kweni, cifukwa sizifanana ndi kanthu kali konse ka pa khomo pathu. Koma nthano ya cikondi imanena za mwamuna ndi mkazi, za ukwati ndi nsanje, zinthu zimene wowerenga adzakomana nazo m'moyo wace. Cifukwa cace malire a nthano ndi moyo amafafanizika msanga. Olemba nthano eni ace anacenjeza za ici. Gustave Flaubert wa ku France analemba za Emma Bovary, mtsikana amene anadzaza mutu wace ndi nthano za cikondi ali pa sukulu ya masisitere, nakwatiwa ndi sing'anga wa kumudzi, munthu wofatsa koma wosadziwa mau okometsera. Poona kuti ukwati wace sufanana ndi wa m'mabuku, anafuna cikondi kwa amuna ena, nalowa m'ngongole, namwa mankhwala akupha. Mu 1857 Flaubert anaimbidwa mlandu ku Paris wakuti buku lace liononga makhalidwe, koma bwalo linammasula. Ndipo bukulo lakhala cenjezo kwa owerenga kufikira lero.

Komatu owerenga nao ali ndi mau ao. Mabuku a Mills & Boon, nyumba yosindikiza imene inayambika ku London mu 1908, apita m'manja mwa akazi osawerengeka, kufikira m'zipinda zogona za masukulu a sekondale a kuno kwathu, ndipo si onse anasanduka Emma Bovary. Mai wina wophunzira wa ku America, Janice Radway, anacita cinthu cimene oweruza ambiri amaiwala: anapita kukafunsa owerenga eni ace, nasindikiza zimene anapeza mu 1984. Akaziwo, ambiri a iwo okwatiwa ndi a ana, anamuuza kuti potsegula buku amadzipatula kanthawi ku nchito yosatha ya kusamala ena. Anati akonda nthano m'mene mwamuna, angakhale ali wouma mtima poyamba, aphunzira kufatsa ndi kusamala mkazi, ndipo mabuku odzala ndi nkhanza anawada. Munthu wosamala onse tsiku lonse afuna kuwerenga za wina amene asamalidwa. Ngati pali manyazi pamenepa, kodi ali pa mkazi wowerengayo, kapena pa nyumba imene mulibe womfunsa kuti waswera bwanji?

Kuti owerenga sali nkhosa zongotsata, tiona pa mkangano wa mabuku a Twilight a Stephenie Meyer, amene loyamba lace linaturuka mu 2005. Mabukuwa aphatikiza mlandu waciwiri ndi wacitatu, pakuti m'menemo namwali Bella akondana ndi mzukwa wakumwa mwazi, dzina lace Edward. Owerenga ena anakondwera ndi mnyamata wodziletsa, wokhulupirika kwa mmodzi yekha. Ena anafunsa kuti, kodi mwamuna wolowa m'cipinda ca mtsikana usiku iye osadziwa, womlondalonda, ndi womletsa kukaona bwenzi lace, ali ndi cikondi, kapena ali ndi nsanje ya mwini cuma pa cuma cace? Onani kuti mbali ziwirizi sizinakangane za ufiti ai. Zinakangana za khalidwe la mwamuna. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere; ndipo nyerere za nthano zotere siziri m'zodabwitsa zace, koma m'phunziro lobisika lakuti nsanje ndi ukali ndizo zizindikiro za cikondi. Mtsikana wokhulupirira zimenezo angapirire mbama zaka zambiri, nayembekeza kuti pa tsamba lotsiriza mwamunayo adzasandulika.

Patsala mau amodzi amene onyoza amakonda kunena, akuti kuwerenga kotere ndiko kuthawa moyo. J. R. R. Tolkien, mphunzitsi wa ku Oxford amene anamenya nao nkhondo ya ku Somme mu 1916, nalemba pambuyo pace The Lord of the Rings, anayankha mau awa polankhula pa yunivesite ya St Andrews mu 1939. Anati tisiyanitse wandende wofuna kuturuka kupita kwao, ndi msilikali wosiya anzace pa nkhondo. Onse awiri athawa, koma mmodzi yekha ndiye ali ndi mlandu. Kalaliki wotopa ndi ziwerengero, namwino woweruka ku nchito ya usiku, wodwala wogona pa kama miyezi yambiri: awa akalowa m'dziko lina ora limodzi, nabwerako ali ndi mtima watsopano, sanalakwire munthu. Wosiya udindo wace ndiye uja wonga Don Quixote wa m'buku la Cervantes la mu 1605, amene anagulitsa minda kuti agule mabuku, nawerenga usana ndi usiku mpaka mutu unasokonezeka, nakamenyana ndi zigayo zoyendera mphepo poziyesa zimphona. Iye analowa pa khomo la nthano, naiwala njira yobwerera.

Tsono ciweruzo canga ndi ici. Nthano yopeka si bodza, ndipo mzukwa wa m'buku sunalodze munthu. Buku lisayesedwe pa kufunsa ngati za m'kati mwace zinacitikadi, koma pa kuona munthu amene aturukamo. Kodi abwerera kwa mkazi wace, kwa mwamuna wace, kwa ana ndi ku nchito yace ali woleza mtima ndi wacifundo koposa kale, kapena abwerera ali wonyansidwa ndi anthu enieni cifukwa safanana ndi a pa pepala? Funso ili sangaliyankhe woweruza wa kunja. Wowerenga ali yense adziyankhire yekha ndi mtima woona.

Kwa makolo ndi aphunzitsi ndinena kuti musatenthe buku. Moto umangolikometsa, ndipo mwana adzapeza lina naliwerengera pansi pa bulangete, kumene kulibe womuongola. Liwerengeni inunso, ndipo mumfunse kuti, "Mwana wanga, mnyamata uyu ukumuona bwanji? Ukadakhala iwe ukadabvomera?" Nthano za makolo sizinali kumvedwa ndi munthu mmodzi yekha mumdima, ana ankazimva pamodzi, agogo ali pomwepo kutanthauzira mwambi wace. Cimene casowa pa kudza kwa buku si coonadi ai, koma aja oyankha kuti tiri tonse. Ndipo malo ao pa mphasa akali opanda munthu, alikudikira ife.